Chingwe cha a Mesenjala

Senderani kuno, ndipo mafoniwo muyambe mwawabweza m'matumba. Nkhani iyi ndi ya mafoni omwewo, koma imafuna makutu.

Ku Chikhutu, kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi, netiweki siyendayenda m'nyumba za anthu ngati kwanu kuno. Ili ndi malo ake amodzi, pamwamba pa chitunda, pamtengo wa mbawa umene uli m'mphepete mwa manda. Ndiponso si pansi pa mtengowo ayi. Ili m'mwamba, pa nthambi yoloza pampata wa mapiri awiri, kumene munthu wanzeru zake sangakwere.

Amene anapeza njira yoifikira anali a Lifeyo Mtambalika. Mkuluyu anatha zaka makumi atatu akunyamula makalata panjinga kuchokera kuboma, moti ngakhale atapuma, dzina loti a Mesenjala linawakanirira. Makalata atayamba kusowa, mafoni n'kuchuluka, iwo sanakhale pakhonde n'kumadandaula. Anapachika gudumu la njinga pa nthambi ija, anapisapo chingwe, kumapeto kwake n'kumangirira chigubu chodula pakati. Ukabwera ndi foni, ankaiika m'chigubumo n'kukoka mpaka mfundo yachitatu ya chingwe itafika m'manja mwawo. Ikalira m'mwambamo, ankaitsitsa. Ntchitoyo inkaoneka yopepuka, koma pachitundapo pamawomba mphepo, ndipo chigubu chikangogwedezeka netiweki imathawa. Pankafunika dzanja lodziwa pokoka ndi polekerera.

Sankalandira kanthu a Mesenjala, ngakhale chinangwa chootcha. Malipiro awo anali funso limodzi: "Kwabwera zotani?" Ndipo unkayenera kuyankha. Chikakhala chinsinsi, chinkathera m'makutu mwawo. Ukakhala uthenga wa munthu wina m'mudzi, ankakwera njinga n'kukaupereka, belu likulira njira yonse. Atamwalira anawaika m'manda omwewo, pafupi moti madzulo mthunzi wa mbawayo umafika pamtumbira wawo. Njinga ija mphwawo anapita nayo ku Kasungu. Chingwe chinatsala, anthu n'kumadzikokera okha. Koma aliyense akatsitsa foni n'kuwerenga, ankanena mokweza kuti, "A Mesenjala, kwabwera zakutizakuti." Ngakhale akulu a mpingo ankanena, kungoti iwo ankayamba ayang'ana uku ndi uku.

Elube Chisale anabwerera ku Chikhutu m'mwezi wa Juni, bambo ake atafa ziwalo. A Gelesomu anali kalipentala wa mudzi wonse, munthu wa nthabwala zosatha. M'mawa wina anangogwa pafupi ndi benchi yawo, ndipo atatsitsimuka, dzanja lamanja, mwendo ndi lilime zinali zitawathawa. Mayi a Elube anali atatsogola kalekale. Pakhomo panatsala azakhali ake, a Nachisale, amene mawondo anali atawatha, khutu limodzi losamva. Kutembenuza wodwala, kumusambitsa, kumutulutsa kuti aothere dzuwa, zonsezo zinkafuna msana wa Elube.

Ku Lilongwe mtsikanayu anaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta, koma ntchito imene anapeza inali yosindikiza mapepala m'kashopu. Mwini shopu anati amusungira malo mpaka kutha kwa Julaye, osapitirira. Kenako kunabwera mwayi. Kampani ina ya ku Blantyre inkafuna anthu oti azilemba mapulogalamu ali kwawo, ndipo inamupatsa mayeso: alembe kapulogalamu kosungira mayina a odwala pachipatala, akatumize kakugwira ntchito pofika Lachisanu masana. Akakhoza, akhala pakhomo n'kumasamala bambo ake. Akalephera, abwerera kukashopu kuja, a Gelesomu n'kutsala m'manja mwa nkhalamba yosatha n'kuwadzutsa komwe pamphasa.

Vuto linali laputopu. Inali itangochoka kokonzetsa, ndipo wokonzayo anafufuta zonse, moti inabwera yopanda kanthu ngati nyumba yosamukamo anthu. Luso Elube anali nalo, koma monga bambo ake sakanapanga chitseko opanda sowo ndi pulena, iyenso ankafunika zipangizo zake: pulogalamu yothandiza kompyuta kumva zimene walemba, ina yolemberamo, ndi timapulogalamu tambirimbiri tothandizira timene kampaniyo inalamula kuti agwiritse ntchito. Zonsezo zinali zoti adawunilode, ndipo zonsezo zinali zoti zidutse pachingwe cha a Mesenjala.

Masana pamtengo pankakhala mzere, ndipo palibe akanalola kuti foni ya munthu mmodzi ikhale m'mwamba maola awiri. Komanso bandulo imene akanaikwanitsa inali ya usiku, yotha faivi koloko m'mawa. Choncho Lolemba, tambala woyamba atalira, Elube anafunda chitenje pamwamba pa juzi n'kuyamba kukwera chitunda.

Za a Mesenjala ankazidziwa, pakuti ali mwana ankathamangira belu lawo ndi anzake. Koma zolankhula ndi mtengo ankaziona ngati chibwana cha anthu akuluakulu. Sukulu ikamukwana munthu, pali zinthu zimene amayamba kuchita nazo manyazi. Analumikiza foni ndi laputopu popanda waya, anaika foni m'chigubu, anakoka mpaka mfundo yachitatu, n'kumangirira chingwe pamuzu. Kunalibe mphepo tsiku limenelo. Kamzere kosonyeza mmene zinthu zikulowera kankakwawa pang'onopang'ono, koma kanafika kumapeto, ndipo pulogalamu yoyamba inalowa yonse. Anaisungiranso pafulashi, kachitsulo kosungiramo za pakompyuta, kuopa ngozi, anatsitsa foni, n'kutsika chitunda osanena kanthu. Ali pakati pa njira anamva belu la njinga kumbuyo kwake, kamodzi kokha. Anapatuka kuti njingayo idutse. Sipanadutse kanthu.

Lachiwiri anamanga mfundo ziwiri pamuzu paja. Kamzere kanayenda bwino mpaka kupitirira theka, kenako kanaima, palaputopu n'kubwera zilembo zofiira. Atadzutsa mutu anaona chigubu chili pansi, chingwe chitakulungidwa bwinobwino, ndipo foni inali pamwala pambali pake, itayang'ana kumwamba, mmene munthu amakuikira kalata patebulo. Gudumu lija limalira likamazungulira, mudzi wonse umadziwa. Iye sanamve kalikonse. Anadziuza kuti mfundo yamasuka, ndipo za mmene foni inatulukira m'chigubu sanafune kudzifunsa. Anaikwezanso. Tsoka lake pulogalamu yachiwiriyo inali yoti ikaduka, imayambiranso pachiyambi. Zinachitika katatu, ndipo faivi koloko inamupeza alibe chimene wapindula.

Atafika kunyumba anapeza kuti fulashi ija mulibe m'chikwama. Anakhuthula chikwama, anakutumula chitenje, anabwerera theka la njira maso ali pansi, osaipeza. Madzulo azakhali ake anaipeza itakolekedwa pamsomali wa pachitseko, pamene kale pankabayidwa makalata akabwera eni nyumba kulibe. A Nachisale anaiyang'ana, n'kuyang'ananso Elube.

Lachitatu kunagwa nkhungu. Foni inatsika kawiri, ndipo ulendo wachiwiri Elube anapsa mtima. Anaimirira, n'kuzungulitsa kuwala kwa laputopu mbali zonse.

"Amene mukuchita masewerawa, dziwani kuti mukuseweretsa moyo wa munthu," anatero.

Mitengo ya kumanda inangokhala chete, madzi a nkhungu akudontha m'masamba. Analongedza n'kuyamba kutsika. Pamene njira imakhota pafupi ndi chulu, anakumana ndi munthu akukankha njinga kukwera mtunda. Anali atavala jekete lalitali la khaki, chipewa chitatsikira kumaso.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero Elube.

"Kwabwera zotani?" munthuyo anafunsa. Mawu ake anali otsika, ngati a munthu amene wayenda mtunda wautali.

"Palibe, bambo. Ndi zanga za kuntchito."

Munthuyo anaima kanthawi ngati akudikira zina, kenako anapitirira. Elube anayenda masitepe angapo asanazindikire kuti njira imeneyo ndi yamiyala, koma iye sanamve phazi likuponda kapena tcheni cha njinga chikulira. Anacheuka. Kunali nkhungu yokhayokha. Anawunika pansi ndi foni, ndipo padothi lonyowa panali mzere umodzi wa tayala, wopanda mapazi m'mbali mwake. Mmene anafikira kunyumba sakumbukira.

M'mawa womwewo Elube ankamwetsa bambo ake phala. A Nachisale anali pampando wawo pafupi ndi khomo, khutu lakumva ataloza kwa iye.

"Kodi iwe, umawauza?"

"Kuwauza ndani, azakhali?"

"Usandifunse ngati mlendo. Wakwerako masiku atatu. Umawauza?"

Elube anaika supuni m'mbale. "Ndiwauze chiyani? Si uthenga umenewu. Palibe wamwalira, palibe wabadwa. Ndi zipangizo za pakompyuta, zoti ngakhale inuyo simungazimve."

"Ndiye ukapanda kundiuza ndizimva bwanji? Mkulu uja sankadziwa Chingerezi, koma makalata a kujoni onse anadutsa m'manja mwake. Munthu wakugwirira chingwe pamphepo mpaka kucha, iwe n'kunyamuka ngati ukuchoka kuchimbudzi. Anakulera ndani?"

"Chingwe ndimamanga pamuzu ndekha."

"Eya, umamanga," anatero a Nachisale. "Nanga kachitsulo kako kaja kanabwera ndi miyendo yake?"

Apa a Gelesomu anamenya mphasa ndi dzanja lamanzere. Elube atawayang'ana, anakweza dzanjalo n'kuchita ngati akukoka chingwe, kawiri, katatu. Kenako analoza pakamwa pa Elube. Pomaliza analoza pakamwa pawo popotoka, n'kupukusa mutu, misozi ikulengeza. Elube anakumbukira kuti amene anakwera mumtengo kukapachika gudumu lija anali bambo ake, a Lifeyo ali pansi kuwalondolera, awiriwo akunyozana mmene ankachitira kuyambira ali anyamata. Anamva manyazi, ndipo manyaziwo anaposa mantha. Iye amene anali ndi pakamwa pabwinobwino ndi amene ankaumira mawu.

Masana onse ankalemba kapulogalamu kake, koma popanda zipangizo zotsalazo sakanadziwa ngati kakugwira ntchito. Panatsala mbandakucha uwiri.

Lachinayi anakweranso. Mphepo ya mwera inali itadzuka, mbawa yonse ikulira. Anakweza foni, anamanga chingwe pamuzu, anakhala pansi, n'kuwomba m'manja katatu moyang'ana kumanda.

"Odi, a Mesenjala. Ndine Elube, mwana wa a Gelesomu. Pepani, ndakhala ndikubwera ngati wakuba." Ankadziona ngati wopenga. "Fulashi ija ndinailandira, zikomo. Tsono zimene zikubwerazi si kalata. Ndi zipangizo. Ija ya Lolemba ili ngati womasulira kukhoti: ine ndimalemba, iyo imauza kompyuta. Imene ikubwera panoyi ndi benchi yogwirirapo ntchito. Zikatha izi kubwera tizinthu ting'onoting'ono tambiri, tingoti misomali ndi mahinjesi. Ndikasonkhanitsa zonse, ndipanga kaundula woti anamwino asamasoweke mayina a odwala."

Anaima kuti apume. Mphepo inawomba mwamphamvu moti chitenje chinamuvuka paphewa, ndipo anayang'ana kumwamba akudziwa kuti chigubu chikuvina. Chigubu chinali chitaima njii. Anatsitsa maso potsata chingwe, n'kuona kuti sichikulunjikanso pamuzu. Chinali chitakungika mopendekera kuseri kwa tsinde, mbali ya kumanda, pamsinkhu wa chifuwa cha munthu, ndipo chigawo chimene iye anamanga pamuzu chinali lende. Kunkamveka kafungo ka girisi wa njinga ndi nsalu yonyowa. Elube anabweza maso palaputopu, ndipo sanayang'anenso kuseri kwa mtengowo.

Kamzere kanayenda osaima. Benchi ija inalowa yonse. Atalamula kuti timapulogalamu tothandizira tiyambe kubwera, mayina ake anayamba kutsika pagalasi limodzilimodzi, ndipo iye ankawawerenga mokweza ngati mphunzitsi akuitana mayina m'kalasi. "Aka ndi kosunga madeti. Aka ndi kotseka kaundula kuti asatsegule aliyense. Aka, kunena zoona, inenso sindikadziwa ntchito yake." Nthawi ina anatengeka ndi zimene ankawerenga n'kukhala chete mphindi zingapo. Gudumu linalira pang'ono m'mwamba, chigubu n'kutsika chikhatho chimodzi.

"Pepani, pepani, ndikupitiriza," anatero msangamsanga. Chigubu chinabwerera pamalo pake. Elube anadzimva akuseka, kuseka kwa munthu amene mantha amutopetsa.

Mayina atatha kuwafotokoza, anapeza kuti pakamwa sipakutsekeka. Anawauza a Mesenjala za bambo ake, kuti usiku amawamva akuyesa kutchula mawu okhaokha mumdima, akuganiza kuti palibe akumva. Anawauza kuti chimene amaopa kwambiri si kulephera mayeso, koma tsiku lokwera minibasi, bambo ake akumuyang'ana pakhonde osatha n'kunena komwe kuti upite bwino. Zimenezi anali asanauzepo munthu wamoyo. Analira mpaka mamina, ndipo chingwe sichinagwedezeke. Faivi koloko itakwana, bandulo n'kutha, panatsala chinthu chimodzi chachikulu, nkhokwe yosungiramo mayina a odwalawo. Gudumu linalira pang'onopang'ono, chigubu chinatsika chokha mpaka pamiyendo pake.

"Zikomo, a Mesenjala. Mawa tidzamalize."

Usiku wa Lachinayi kunazizira koopsa, kuli mawawa. A Nachisale anamvera chisoni mlongo wawo, anamulowetsera mbaula yamakala m'chipinda n'kutseka zenera, iwo n'kukagona m'kanyumba kawo, khutu lakumva litatsamira pilo monga mwa masiku onse. Elube anali atagona kale kuti adzuke msanga. Ponyamuka sanatsegule chitseko cha bambo ake kuopa kuwadzutsa, choncho za mbaulayo sanadziwe.

Pamtengo zinayamba bwino. Anapereka moni, chingwe chinakungika, nkhokwe ija inayamba kulowa. Inali yaikulu, ndiponso ya mtundu uja woti ikaduka umayambiranso, ndipo nthawi yoyambiranso panalibe. Anakhala atawerama, akutchinga laputopu ndi chitenje kuti mawawa asaigwere, akufotokoza mmene kamzere kakuyendera. Kanali katadutsa theka pamene belu linalira kumunsi kwa chitunda.

Silinalire kamodzi ngati tsiku lija. Linalira mosalekeza, likutsikira kumudzi, kenako likubwerera, kenako likutsikanso, ngati galu amene akufuna kuti umutsatire.

"Ndikukuuzanitu, a Mesenjala," anatero Elube. "Kwatsala pang'ono. Dikirani."

Belu linafika pafupi n'kusiya. Kunakhala zii, ngakhale mphepo inaleka. Kenako kuseri kwa tsinde kunachokera mawu otsika aja.

"Uthenga ndi wanu. Kunyumba."

Elube anayang'ana kamzere. Akanyamula laputopu, zonse zithera pomwepo. Akaisiya, mawawa aimaliza, ndipo wogwira chingwe sangakhale pawiri, pamtengo ndi panjira. Masiku asanu, ntchito, zonse zinali pakamzere kameneko. Sindinama kuti sanazengereze. Anazengereza nthawi yokwana kupuma katatu. Kenako anakumbukira kuti pa zaka makumi atatu a Mesenjala sanaimbepo belu pachabe, ndipo anaika laputopu pansi n'kuthamanga.

Tochi yake inali foni, ndipo foni inali m'mwamba. Nkhungu inali yoti sungaone dzanja lako. Koma belu linali patsogolo pake, masitepe ochepa chabe, likulira pokhota paliponse, ndipo iye ankangolitsata. Pachulu linakhotera kumanzere, iye n'kukhota. Pangalande linalira kawiri, iye n'kudumpha. Njira imene masana amatsika mogwira udzu anaitsika osapunthwa ngakhale kamodzi. Belu linasiya kulira pakhomo penipeni pa nyumba yawo.

Utsi unkatuluka pansi pa chitseko cha bambo ake. Anachikankha ndi phewa. M'chipindamo munali mbuu, ngodya ya bulangete ikunyeka pamene inagwera pambaula, moto ukukwawa kulowera kumphasa. A Gelesomu anali pansi chafufumimba, dzanja lamanzere litatambasukira kuchitseko. Anali atadzikoka ndi dzanja limodzilo mpaka mphamvu zitawathera, osatha kuitana munthu. Elube anawagwira m'khwapa n'kuwakokera panja pamawawa, anabwerera kukakhuthulira ndowa pabulangete, n'kugwadanso pambali pawo akuwagwedeza.

"Ababa. Ababa, ndine. Pumani."

Panapita nthawi imene Elube sadzaiiwala. Kenako a Gelesomu anatsokomola, anatsokomolanso, n'kutsegula maso. A Nachisale anatuluka akukwawa, ataona mbaula anayamba kudzimenya pachifuwa, ndipo Elube anachita kuwagwira manja kuti aleke. Anthu oyandikana nawo anabwera, wina ndi bulangete, wina ndi tiyi. Kunacha bambo ake atatsamira pachifuwa pake, akupuma bwino.

Za laputopu anazikumbukira dzuwa litatuluka. Mtima unamupweteka, koma sanadandaule. Anangoti akatole zotsala, aone ngati ingayakenso, ayambe kuganiza za minibasi.

Pachitunda anapeza amayi atatu amene analawirira ndi mafoni awo. Anali ataima patali ndi mtengo, manja atapinda m'zitenje, palibe amene anakhudza chingwe.

"Ndi zanu izi?" anafunsa mmodzi, osaloza ndi chala. "Ife tafika chigubu chikutsika chokha. Ndiye tangoti tiyambe tadikira."

Udzu wonse unali wonyowa, miyala yonyowa, muzu ukudontha. Koma pamene panali laputopu panali pouma, malo ozungulira okwana munthu wonjuta atatambasula jekete. Foni inali pamwala, itayang'ana kumwamba. Elube anagwada n'kudina batani. Kamzere kanali katafika kumapeto, ndipo pansi pake panalembedwa nthawi imene kanamaliza, patatsala mphindi zisanu ndi zitatu kuti faivi ikwane. Mmene munthu mmodzi anagwirira chingwe, kutchinga mvula ndi kuimba belu panjira, ine musandifunse. Ngakhale Elube sanafunse.

Anawomba m'manja, amayi aja akuona, osachita manyazi.

"A Mesenjala, kwabwera zonse. Ndipo ababa ali moyo. Mawu oti ndikuthokozereni nawo ndilibe."

Anakhala pomwepo n'kuyesa kapulogalamu kake. Kanakana kawiri, anakonza, kachitatu kanagwira. Amayi aja anamupatsa malo awo pamzere, mmodzi n'kumugwirira chingwe, ndipo ntchito inapita dzuwa lisanafike paliwombo.

Yankho linachedwa milungu iwiri. Tsiku lililonse masana Elube ankakwera, kukweza foni, kutsitsa, n'kunena kuti, "Lero palibe, a Mesenjala." Julaye atatsala masiku anayi kuti athe, foni inalira m'mwamba. Anaitsitsa, anawerenga kamodzi chamumtima, kenako anawerenga mokweza kalata yonse, akumasulira m'Chichewa mzere ndi mzere, mpaka dzina la amene anasaina. Anamulemba ntchito.

Anadikira. Kunali dzuwa, mbuzi zikudya m'mphepete mwa manda, chingwe chili lende. Palibe chinachitika, ndipo zinamukhumudwitsa pang'ono, pakuti ankafuna kuti mkuluyo amve. Anaika foni m'thumba n'kuyamba kutsika. Atafika pachulu paja anamva belu kutali kumunsi, likulowa m'mudzi, likulira mosangalala mmene linkalirira kale kukabwera kalata yabwino.

Anathamanga kuti akanene yekha. Anapeza a Nachisale atayala mphasa pakhonde, a Gelesomu atakhala tsonga atatsamira khoma, atavala malaya awo a kutchalitchi.

"Wachedwa," anatero azakhali ake. "Bambo akowa akhala akuseka chidutsireni belu. Achita kundikoka chitenje kuti ndiwaveke malayawa."

Elube anagwada patsogolo pawo, mpweya utamuthera, kalata ili pafoni m'manja. Asanatsegule pakamwa, a Gelesomu anamugwira dzanja ndi dzanja lawo lamanzere. Milomo inalimbana, nsagwada inanjenjemera, mtsempha wa pakhosi unatupa. Mawu anatuluka opotoka, olemera, oyamba chigwereni pabenchi paja.

"U... khala."

"Ndikhala, ababa," anatero Elube. "Ndikhala."